Ahedi, tulukani mu ofesi: momwe mungakwezere kaphunzitsidwe m'kalasi

Ahedi ambiri kuno ku Harare tsiku limawathera pa nkhani za fizi, miting'i ya SDC (komiti ya makolo yoona za chitukuko cha sukulu), mafomu a BEAM (thandizo la boma lolipirira fizi ana osauka) ndi mpope wophulika kutoileti, ndiye zotsatira za mayeso a boma a ZIMSEC zikatuluka n'kumadabwa kuti ana a Grade 7 alakwa bwanji chonsecho masikimu (mapulani a zophunzitsa sabata ndi sabata) a aphunzitsi onse anasainidwa bwinobwino. Vuto ndi loti zomwe zili mufayilo ndi zomwe zikuchitika pabolodi nthawi zambiri sizifanana. Kaya sukulu yanu ili ku Mufakose, Mbare kapena Epworth, yesani izi.

Choyamba, lembani pa taimutebulo yanu nthawi yolowa m'makalasi, ndipo kalaliki adziwe kuti nthawi imeneyo simupezeka olo kubwere kholo lokwiya. Mphindi 15 pa kalasi zakwana. Ngati muli pa hot-seating, pomwe ana ena amaphunzira m'mawa ena masana, musamangoyendera gulu la m'mawa, la masana ndi lomwe limasiyidwa, ana atopa, kunja kwatentha, ahedi ali ku district.

Chachiwiri, mukalowa khalani kumbuyo, maso pa ana osati pa aphunzitsi. Akuyankha ndi angati, ndi omwewo atatu akutsogolo? Wapakona uja akulemba kapena wangogwira pensulo? Tengani makope atatu, la mwana wokhoza, la wapakati ndi la amene akuvutika, muone deti lomwe anachongedwa komaliza komanso ngati zolakwa zinakonzedwa, kenako fananizani ndi sikimu. Apa ndi pomwe mumagwira kuti sikimu ikuti sabata 8 koma kope likadali pa sabata 4. Mukaona ndodo patebulo musangodutsa, lamulo la maphunziro lomwe linasinthidwa mu 2020 linaletsa kumenya ana pasukulu.

Chachitatu, ndipo ambiri amalakwitsa pano, kambiranani tsiku lomwelo muli awiri, osati mu stafu rumu pamaso pa anzawo, pamaso pa ana ndiye ayi ndithu. Yambani ndi kufunsa, "Madamu, inuyo mwaona kuti zayenda bwanji?" Kenako tchulani chinthu chimodzi chokha choti asinthe, mwachitsanzo akafunsa funso azidikira pang'ono asanaloze mwana, kapena onse alembe yankho kaye m'malo moyankha mwa kwaya. Mukawapatsa zinthu khumi sasintha olo chimodzi, angokuyankhani "zikomo ahedi" basi. Patatha sabata ziwiri bwererani mukaone chomwecho. Maulendo amenewa muwasiyanitse ndi supervision ija yolemba lipoti lomwe a DSI, oyendera masukulu a ku district, amafuna, apo ayi mphunzitsi azingokuchitirani sewero mukalowa.

Chachinayi, nokha simungathe. A deputy, a TIC (oyang'anira makalasi a ana aang'ono) ndi ma HOD (atsogoleri a madipatimenti) agawane makalasi, ndipo amene amatha kuphunzitsa masamu anzake akamuonerere. Kuyambira 2024 tili ndi silabasi yatsopano ya Heritage-Based Curriculum yomwe inachotsa CALA (ntchito zomwe ana ankachita mkati mwa chaka zowonjezera pa malikisi a mayeso) n'kubweretsa ma project, ndiye staff development, nthawi ija aphunzitsi amakumana kuti aphunzitsane, ikhale yochongera limodzi ntchito za ana, isamathere pa zilengezo.

Chachisanu ndi kuwerenga. Tengani buku nokha, itanani ana angapo a Grade 3 mmodzimmodzi akuwerengereni mokweza, olephera alowe mu PLAP, pulogalamu yothandiza ana otsalira m'mbuyo, teremu yomweyo osadikira Grade 6. Ndipo kumbukirani ana athu, kunyumba agogo akuwalankhula Chichewa, mumsewu Chishona, m'buku Chingerezi, mwana wotere akakhala chete m'kalasi sikuti ndi mbuli ayi, mwina mawu ndi omwe akumusokoneza. Chichewa chili m'gulu la zilankhulo 16 zovomerezeka m'malamulo a dziko a 2013, palibe chifukwa chomuseka akachilankhula, mphunzitsi amene amachidziwa amufotokozere nacho kenako abwerere ku phunziro.

Zomwe mwapezazo pitani nazo ku SDC pokonza bajeti. Ngati ana asanu akulimbirana buku limodzi, uzani makolo poyera kuti penti ya durawall idikire kaye, mabuku ndi choko zigulidwe teremu ino.