Viza ya akazi anu si viza yanu: zimene zinandionekera ku UK podikira mapepala

Ndikulembera inu abale anga amene muli ku UK pa viza yodalira amuna kapena akazi anu, makamaka inu amene anzanu apabanja anabwera pa Health and Care Worker visa (viza ya ogwira ntchito zachipatala ndi zosamalira anthu) ndipo zaka zitatu zoyamba zija zikulowera kumapeto. Ine ndinakhala milungu 9 ndili pansi osaloledwa kugwira ntchito mumzinda wa Leeds, lendi ikudikira mwezi ndi mwezi, pamene sindinabe kanthu kapena kunama pa fomu iliyonse. Cholakwa changa chinali kupereka tsogolo la banja langa m'manja mwa dobadoba wovala suti. Mukaona kuti penapake mawu anga akuuma mundikhululukire, chilonda chikadali chachiwisi.

Ambirife timaganiza kuti popeza tinalowa m'dziko muno potsatira akazi kapena amuna athu, ndiye kuti iwo akawonjezera masiku a viza yawo, ifenso talowa momwemo. Si choncho ayi. Aliyense ali ndi tsiku lake lothera viza, fomu yake, malipiro ake ndi nambala yake ya pempho, ngakhale mwana woyamwa. Mungathe kupempha pamodzi ndi anzanuwo kapena pambuyo pake, malinga tsiku lanu lisanadutse, koma kupempha kokha n'kosathawika. Ndipo musatekeseke ndi mphekesera za m'magulu a WhatsApp zoti onse odalira ogwira ntchito yosamalira okalamba akubwezedwa kwawo. N'zoona kuti kuyambira pa 11 March 2024 olowa kumene pa ntchitoyi saloledwa kubweretsa mabanja awo, ndiponso kuti pa 22 July 2025 boma linatseka kulemba anthu a ntchitoyi kuchokera kunja, koma amene anali kale pa vizayi tsiku la mu March lija lisanafike amaloledwabe kuwonjezera masiku pamodzi ndi mabanja awo.

Chimene chimakutetezani podikira yankho ndi Section 3C ya lamulo la Immigration Act 1971. Mukapereka pempho lovomerezeka viza yanu isanathe, ndipo tsiku lothera likadutsa a Home Office (unduna woona za olowa ndi kutuluka m'dziko) asanayankhe, chilolezo chanu chimapitirira chokha ndi malamulo ake omwe aja. Amene munkaloledwa kugwira ntchito mumapitiriza kuigwira, ndipo nyumba mumachitabe lendi monga kale. Akazi anu amakhalabe omangidwa kwa abwana amene anawathandiza kupeza viza, ndipo ngati akusintha kampani sayenera kuyamba ntchito yatsopanoyo chilolezo chisanatuluke. Koma onetsetsani mawu aja akuti pempho lovomerezeka, pakuti ine ndinagwera pomwepo. Pempho limene a Home Office alikana ponena kuti silinakwanire, kaya chifukwa cha malipiro kapena zidindo za zala, silikutetezani, ndipo khoti lalikulu la dziko lino linagamulapo kale za nkhani yotere mu 2016 pa mlandu wa Mirza.

Ntchito yeniyeniyo si yovuta: mumalemba fomu pa gov.uk, mumalipira, mumatsimikiza kuti ndinu nokha kudzera pa app ya pafoni kapena pokaonekera kumalo a UKVCAS (kumene amatenga zidindo za zala ndi chithunzi), kenako mumatumiza zikalata zosonyeza kuti banja lanu likadalipo, monga setifiketi yaukwati, pangano la nyumba ndi makalata a council tax (msonkho wa kukhonsolo) okhala ndi mayina anu awiri. Basi, ndi zomwezo zimene ine ndinalipirira munthu mapaundi 1,400.

Mkuluyo tinamudziwira kutchalitchi. Anali wolankhula Chingerezi chosalala, wokhala ndi kaofesi pamwamba pa shopu ina, ndipo anthu angapo anatitsimikizira kuti anawathandiza. Akazi anga ankagwira mashifiti ausiku, ine ndinkanyamula katundu m'nyumba ina yosungiramo zinthu, ndipo tonse tinali otopa, choncho atanena kuti tingomupatsa mapasipoti ndi ndalama zinazo azionera yekha, tinaona ngati Mulungu watiyankha. Analemba mafomu athu onse awiri masiku asanathe, pamenepo sindimunamizira. Koma pa mafomuwo anaika imelo yake ndi nambala ya foni yake, ndipo analipira ndi khadi lake la kubanki, ife titamupatsa ndalama pamanja. Ndinafunsa chifukwa chake, iye n'kuseka, amvekere: "Achimwene, makalata a Home Office ndi ovuta kumva, mungangodzidwalitsa nawo mtima." Ndinachita manyazi, ndipo ndinakhala chete.

Akazi anga anamaliza zonse pa app tsiku lomwelo muofesi yake. Ine khadi langa lakale la BRP (khadi losonyeza chilolezo chokhalira m'dziko muno) ndinali nditataya, choncho ndinayenera kukaonekera kuti akanditenge zidindo za zala ndi chithunzi. Mkuluyo sanandisungitsire malo, ndipo sanandiuze n'komwe kuti pali chinthu chotere. Viza ya akazi anga itatuluka ndinamuimbira kufunsa za yanga, iye n'kuyankha kuti za odalira zimachedwa, ndipo ndili pansi pa 3C, ndigone tulo. Ndinamuimbiranso kanayi m'milungu yotsatira, yankho lake lomwelo, mpaka anayamba kundilankhula ngati ndine mwana wovuta.

Zinaululika pamene ndinapeza ntchito yabwinoko pakampani ina. Iwo anafunsa ku Employer Checking Service, nthambi ya Home Office yotsimikizira mabwana ngati munthu akuloledwa kugwira ntchito, ndipo yankho linabwera loti ndilibe ufulu wogwira ntchito. Madzulo a tsiku lomwelo ndinapita kuofesi kuja ndi kukhala pampando, n'kunena kuti sindichoka mpaka atatsegula imelo yake ndikuona. Munali kalata yondikumbutsa za zidindo, ina yondichenjeza kuti ndapatsidwa masiku omaliza, ndi yachitatu, yolembedwa masiku 9 m'mbuyomo, yonena kuti pempho langa lakanidwa chifukwa silinakwanire. Makalata awiri oyambawo anali asanatsegulidwe. Sanapepese. Anati makompyuta a boma ndiwo ali ndi vuto, ndipo ndikawonjezera mapaundi 600 akonza zonse. Ndalama zimene a Home Office amabweza pempho likakanidwa motero zinalowa pakhadi lake, ndipo mpaka lero sindinazione.

M'mawa mwake ndinapita kwa loya weniweni, amene anandiuza zinthu ziwiri, china chotonthoza china chowawa. Malamulo amanyalanyaza masiku amene munthu wakhala opanda chilolezo ngati pempho lake loyamba linaperekedwa pa nthawi yake ndipo wapemphanso pasanathe masiku 14 kuchokera pamene linakanidwa. Ine anali atanditsalira masiku 4 okha. Chowawa chinali chakuti pempho lachiwirilo silibwezeretsa 3C, kotero ndinayenera kusiya ntchito tsiku lomwelo ndi kudikira. Ntchito yatsopano ija inapita, yakale inandichotsa, ndipo tinakhalira malipiro a akazi anga okha pamodzi ndi ngongole ya pachipereganyu, kwinaku kumudzi akufunsa chifukwa chimene ndalama ya feteleza yachedwera. Musadalire masiku 14 amenewa ngati njira yopulumukira. Amene simunapemphe n'komwe viza isanathe mumafunika kusonyeza chifukwa chomveka chimene inu kapena wokuimirirani simukanatha kuchipewa, ndipo ulesi wa wokulemberani fomu sulowa m'gulu limenelo.

Tsono mverani. Imelo ya pa fomu ikhale yanu, nambala ya foni ikhale yanu, khadi lolipirira likhale lanu, ndipo mawu achinsinsi olowera mu akaunti yanu ya UKVI (nthambi ya Home Office yoona za maviza) musapatse munthu. Aliyense wokana zimenezi mumusiye pomwepo, kaya ndi mkulu wa mpingo, kaya mumachokera boma limodzi. M'dziko muno ndi mlandu kupereka uphungu wa zolowa ndi kutuluka ngati bizinesi popanda kulembetsedwa, malinga ndi lamulo la Immigration and Asylum Act 1999. Alangizi ovomerezeka ali m'kaundula wa Immigration Advice Authority, bungwe limene mpaka kumayambiriro kwa 2025 linkatchedwa OISC, ndipo maloya a ku England ndi Wales ali m'kaundula wa Solicitors Regulation Authority. Kufufuza dzina m'makaundula amenewa n'kwaulere ndipo kumatenga mphindi ziwiri. Ine ndinafufuza madzi atafika kale m'khosi, ndipo dzina la mkulu uja silinalimo. Chenjeraninso ndi okuuzani kuti mulipire ndalama ya zachipatala, Immigration Health Surcharge, chifukwa a Health and Care Worker visa ndi mabanja awo salipira. Ngakhale umboni wa ndalama zodzisamalira zokwana mapaundi 285 a mkazi kapena mwamuna ndi 315 a mwana woyamba sufunika ngati mwakhala kale m'dziko muno miyezi 12 ndi viza yovomerezeka.

Za kuntchito musadikire kuti abwana akufunseni. Mukangotumiza pempho, apatseni kalata yotsimikiza imene ili ndi nambala ya pempholo ndi tsiku lake. Makadi a BRP anatha ntchito pa 31 December 2024, ndipo tsopano umboni wanu ndi eVisa (viza ya pa intaneti), kumene mumatenga share code, nambala yoti abwana aonere chilolezo chanu, yogwira ntchito masiku 90. Ngati share code siikusonyeza bwino kuti mukudikira yankho, abwana anu afunse ku Employer Checking Service. Ali ndi masiku 28 kuchokera pamene viza yanu yatha oti achite zimenezo, ndipo akalandira Positive Verification Notice (kalata yotsimikiza kuti mukuloledwa kugwira ntchito) amakhala otetezedwa kwa miyezi 6. Mabwana ambiri, makamaka a makampani ang'onoang'ono ndi ma agency, sadziwa zimenezi kapena amachita dala, ndipo amangokuchotsani pandandanda wa mashifiti. Mantha awo ndi omveka, pakuti kuyambira mu February 2024 chindapusa cholemba munthu wosaloledwa chimafika mapaundi 45,000 pa munthu mmodzi koyamba ndi 60,000 akabwereza. Komabe mantha awowo asakudyereni ntchito: alembereni imelo, osati kungolankhula pakhonde, ndipo muwatchulire dzina la Employer Checking Service. Ndipo inu amene chilolezo chakuduka, musayerekeze kugwira ntchito pa dzina la mnzanu kapena yolipidwa pamanja. Ndikudziwa mmene njala imalankhulira, inenso anandiuza za ntchito yotsuka magalimoto, koma umenewo ndi mlandu umene ungawononge pempho limene mukudikiralo.

Pali nkhani ina imene imandivuta kuinena, koma ndiyenera. Musatuluke m'dziko muno pempho lanu lisanayankhidwe. Mukadutsa malire a UK, Ireland, Channel Islands ndi Isle of Man, pempho lanu limatengedwa ngati mwalichotsa nokha, ndipo 3C imatha mukangotuluka mu UK. Kwa ife Amalawi chimene chimatikweza ndege mwadzidzidzi ndi maliro. Foni ikalira pakati pa usiku kuti mayi atisiya, palibe amene amakumbukira za Home Office, ndipo achibale sangamvetse kuti mwana wawo walephera kudzaponya dothi chifukwa cha fomu. Kambiranani zimenezi m'banja musanapemphe, makamaka ngati kumudzi kuli matenda. Pamene njira yanu ikulola, pali mwayi wolipira mapaundi 500 kuti akuyankheni m'masiku 5 ogwira ntchito, kapena 1,000 kuti akuyankheni tsiku lotsatira logwira ntchito mutapereka zidindo. Ndi ndalama zambiri, koma n'zochepa poyerekeza ndi kutsekeredwa ku Lilongwe pamene ana ali ku Leeds.

Pasipoti muiyang'ane chaka chathunthu viza isanathe. Amene munali ndi mapasipoti otsala pang'ono kutha kumayambiriro kwa 2024 mukukumbukira mmene kusindikiza mapasipoti kunaimira kwa milungu ingapo ku Malawi. Mukalandira yatsopano, ilembetseni mu akaunti yanu ya UKVI musanayende ulendo uliwonse, chifukwa eVisa imalumikizidwa ndi nambala ya pasipoti.

Inu amene munakwatira kapena kukwatiwa ndi nzika ya Britain kapena munthu wokhazikika, njira yanu ndi ina ngakhale 3C imagwira ntchito mofanana. Mumawonjezera miyezi 30, mumafunika mayeso a Chingerezi a A2, ndipo mumalipira mapaundi 1,035 pa chaka a zachipatala. Malire a ndalama zimene banja liyenera kupeza anakwera kufika pa mapaundi 29,000 pa chaka pa 11 April 2024, koma amene munalowa m'njirayi tsikulo lisanafike mumayesedwabe pa muyeso wakale wa 18,600. Ndamvapo madobadoba akuopseza anthu ndi nambala yatsopanoyo kuti awagulitse mapepala abodza a malipiro. Musayese. Kukanidwa chifukwa cha ndalama zochepa kuli ndi pokonzera, koma kugwidwa ndi chikalata chabodza kumakutsatirani zaka zambiri.

Viza yanga inatuluka Lachiwiri lina masana, imelo ikufika pafoni yanga ndili pamzere wolipira m'sitolo. Mkulu uja ndinakamudandaulira ku Immigration Advice Authority, ndipo ndinapereka malisiti awiri okha amene ndinali nawo pamodzi ndi mauthenga athu a pa WhatsApp, popeza ndalama zinazo ndinapereka pamanja popanda cholemba. Kutchalitchi ena anandidzudzula kuti nkhani ya pachibale sitiitengera kwa azungu, ndipo mayi wina amene anatilozera kwa iye sandipatsanso moni. Mwezi watha ndinamva kuti banja lina la ku Bradford lamupatsa mapasipoti anayi.