Momwe mungalumikizire malaiti owonjezera pa galimoto yakale ya 4x4 osawotcha mawaya

Malaiti a Land Cruiser, Hilux kapena Patrol yakale amafooka ndi zaka, moti usiku dzenje mumaliona tayala litalowamo kale. N'chifukwa chake ambiri amagula masipotilaiti awiri, kuwamanga kutsogolo, kenaka n'kungoba moto pa waya wa hedilaiti. Amayaka ndithu. Koma pakapita masiku, swichi ya pachiwongolero imayamba kununkha pulasitiki wopsa, chifukwa sinapangidwe kuti izinyamula moto wochuluka chotero. Katundu ameneyu ndi wa relay, kaswichi kodzutsidwa ndi moto wochepa komwe kamadutsitsa moto wambiri. Swichi ntchito yake ndi kungoiuza relay kuti tsegula kapena tseka.

Musanagule kalikonse, dziwani ngati galimoto yanu ndi ya 12V kapena 24V. Zambiri ndi za 12V, koma ma Land Cruiser ndi ma Patrol ena akale a dizilo ndi a 24V. Mabatire awiri paokha si umboni, ndiye yezani ndi malitimita, kachipangizo koyezera magetsi, pa waya wa hedilaiti malaiti ali oyaka. Relay ndi mababu ziyenera kugwirizana ndi zomwe mwapezazo.

Kenaka kasamu pang'ono. Gawani mawati ndi mavoti kuti mupeze ma amp. Mababu awiri a 55W ndi 110W, ndipo pa 12V amakoka pafupifupi 9A. Pamenepo fyuzi ya 15A ndi waya wa 2.5mm² zakwana. Mababu awiri a 100W amakoka pafupifupi 17A, ndiye pafunika fyuzi ya 25A ndi waya wa 4mm². Pa 24V ma amp amenewa amatsika ndi theka. Relay ya 30A kapena 40A imakwanira zonsezi. Ngati alternator yanu, chipangizo chotchaja batire, ndi yoyambirira ija yaing'ono, ine ndingakulangizeni a LED, chifukwa amadya moto wochepa ndipo batire silivutika mukayatsanso fani ndi mawayipa.

Tsopano pamene ambiri amagwa. Tikufuna masipotilaiti azingoyaka mukaika bulaiti, ndipo azizima okha mukabwerera pa dimu. Malamulo a pamsewu m'maiko ambiri amafuna zimenezi, komanso dalaivala wobwera kutsogolo kwanu naye ali ndi maso. Choncho relay iyenera kumva kuchokera pa waya wa bulaiti. Vuto n'lakuti galimoto sizimalumikizidwa mofanana.

Batire lisanachotsedwe, pitani kuseri kwa hedilaiti. Pa babu la H4, lokhala ndi dimu ndi bulaiti pamodzi, pali mawaya atatu. Musazule pulagi. Ikani waya wakuda wa malitimita pa negativu ya batire, wofiira muzigunda nawo mawaya atatuwo limodzilimodzi, wina akusintha dimu ndi bulaiti mkatimo. Mukapeza waya womwe ukuonetsa 12V pa bulaiti koma 0 pa dimu, galimoto yanu imadula positivu, ndipo ntchito yanu ndi yophweka. Koma ma Toyota ambiri akale amachita mosemphana. Waya umodzi umakhala ndi 12V nthawi yonse malaiti akayaka, ndipo swichi imadula mbali ya earth, kutanthauza ya negativu. Pa galimoto yotere waya wa bulaiti umaonetsa pafupifupi 12V pa dimu, n'kugwa kufika pafupi ndi 0 mukaika bulaiti. Mukapanda kuzindikira zimenezi, masipotilaiti adzayaka pa dimu n'kuzima pa bulaiti, inu n'kumaimba mlandu relay yosalakwa. Mangani katepi pa mawaya omwe mwapezawo kuti musaiwale.

Mukatero chotsani waya wa negativu pa batire. Musadumphe pamenepa, sipanala ikagunda positivu ndi bodi nthawi imodzi imathetheka moto wokwanira kusungunula chitsulo.

Mangani malaitiwo pa bulaketi yolimba, osati pa girilu ya pulasitiki, ndipo akakhala akuluakulu onetsetsani kuti sakutchinga mphepo yopita ku redieta. Relay imangeni pafupi ndi batire, timiyendo take titaloza pansi kuti madzi asamadikhemo.

Pansi pa relay pali manambala. Nambala 30 imalandira moto kuchokera ku positivu ya batire, kudzera pa fyuzi. Fyuziyo ikhale pafupi kwambiri ndi batire, osapitirira masentimita 20 kapena 30, chifukwa imateteza waya wa kutsogolo kwake kokha. Mukaiika kutali, waya wonse wa kumbuyo kwake uli pambalambanda. Nambala 87 imapita ku malaiti, ndipo waya wake muugawe pawiri pafupi ndi girilu. Relay ikakhala ya miyendo isanu, wa 87a musiyeni, alibe ntchito pano.

Nambala 85 ndi 86 ndiwo amadzutsa relay, ndipo waya woonda wa 1mm² ndi wokwana. Pa galimoto yodula positivu, tengani moto pa waya wa bulaiti, upite ku swichi yatsopano ya masipotilaiti yomwe muike padashibodi, ubwerere pa 86, ndipo 85 apite ku earth. Pa galimoto yodula earth, 86 atenge moto pa waya uja wokhala ndi 12V nthawi zonse, kudzeranso pa swichi yanu, pomwe 85 alumikizidwe ku waya wa bulaiti, osati ku bodi. Ma relay ena ali ndi diode mkati, kachipangizo kodutsitsa moto mbali imodzi yokha, ndiye zolowerani kuika positivu pa 86 nthawi zonse.

Polowetsa waya mkati mwa galimoto, dutsani pa bowo lomwe lili ndi rabala. Chitsulo chosaphimba chimadya waya pang'onopang'ono mumsewu wa mabampu, mpaka tsiku lina shoti. Mawaya onse alowe m'kapaipi kapulasitiki, amangidwe ndi ma cable tie, kutali ndi ekizozi, fani ndi ndodo ya chiwongolero. Polumikiza, finyani ndi makonekita kapena wotcherani ndi mtovu, n'kuphimba ndi heat shrink, kapulasitiki kokhwinyata kakatenthedwa. Kungopota mawaya ndi zala n'kukulunga tepi kumagwira mpaka mvula yoyamba basi.

Earth ya malaiti musaidalire pa bawuti yomangira. Pa galimoto yakale bampala ndi chasisi zimakumana pa dzimbiri ndi penti, ndipo malaiti amangoyaka mofiirira kapena kuphethira. Kokani waya wonenepa mofanana ndi wa positivu mpaka ku negativu ya batire. Mukasankha chasisi, palani ndi sandipepa mpaka chitsulo chiwale, mangani mwamphamvu, kenaka pakani girisi pamwamba.

Bwezerani batire, ikani fyuzi pomaliza, lizani injini. Pa dimu masipotilaiti asayake ngakhale swichi yanu ili yoyatsa. Pa bulaiti ayake, ndipo relay imveke kuti tha. Yezani mavoti pa batire ndi pa laiti penipeni. Kusiyana kukaposa 0.5V, waya ndi woonda kapena pena sipanagwire bwino. Pakatha mphindi khumi gwirani mawaya ndi fyuzi, asakhale otentha.

Kuloza malaiti muchite kukada. Imikani galimoto pamalo athyathyathya, mamita 8 mpaka 10 kuchokera pa khoma. Yezani kutalika kwa laiti kuchokera pansi, lembani mzere pakhomapo, ndipo pakati pa kuwala pagwere pa mzerewo kapena pansi pake pang'ono. Phimbani laiti imodzi ndi nsalu pamene mukukonza inzake. Mukayenda ulendo woyamba pamsewu wokumbika, bwererani pa mabawuti onse ndi sipanala, chifukwa amakhala atamasuka.