Momwe mungagwiritsire ntchito mbiri yanu pa tebulo la poker

Mu Lilongwe muno osewera poker (juga ya makhadi) ya mtundu wa Texas Hold'em si ambiri. Nkhope zimene munakhala nazo pa tebulo Lachisanu lapitali ndi zomwezo mudzazipeze Lachisanu likubwerali, ndipo anthuwa saiwala. Makhadi anu awiri sawaona, choncho mukabetcha amadzifunsa funso limodzi: munthu ameneyu amaponya ndalama chonchi akakhala ndi chiyani? Yankho limene ali nalo m'mutu ndiye mbiri yanu. Ambiri amavutika kuimanga, koma phindu lenileni lili pa kuidziwa, kenako n'kuchita zimene anzanu sakuyembekezera.

1. Werengani zimene anzanu aona, osati zimene inu mukudziwa

Pa tebulo lomwe munthu akugawa makhadi ndi manja, pa ola mumasewera maulendo pafupifupi 25 kapena 30. Pa maola awiri ndiye kuti maulendo 50 kapena 60, ndipo mwa onsewa makhadi anu aoneka poyera mwina kawiri kapena katatu. Mbiri yanu yonse yamangidwa pa katatu kameneka, kuphatikizapo kuchuluka kwa nthawi zimene mwalowa m'sewero.

Apa ndi pamene anthu amasokonekera. Mukhoza kukhala munthu wolimba mtima, koma ngati kwa ola lathunthu mwakhala mukulandira 9 ndi 3, 8 ndi 2, n'kumangotaya, tebulo lonse lakuikani kale m'gulu la amantha. Sizachilendo kukhala nthawi yaitali opanda kanthu: makhadi awiri ofanana amabwera kamodzi pa maulendo 17, ndipo ma A awiri kamodzi pa 221. Mbali inayo, mukalandira makhadi abwino kanayi motsatizana n'kumakweza ndalama zobetcha, onse n'kumathawa osaona chimene munali nacho, m'maso mwawo mwasanduka wachiphokoso ngakhale simunanamizepo munthu. Ndiye pakapita mphindi 30 zilizonse dzifunseni: ndikanakhala pa mpando uwo, ndikanamuona bwanji munthu wakhala pa mpando wanga?

2. Dziwani amene akuyang'ana

Bambo amene ali pa botolo lachinayi la Green, diso lili pa foni kutsatira mpira wa Premier League, sakudziwa ngati mwataya makhadi kakhumi. Kwa iyeyo mulibe mbiri. Musamuopseze, adzakutsatirani ndi chilichonse. Dikirani makhadi abwino, adzalipira yekha. Mbiri imagwira ntchito pa munthu wachete uja, amene amayang'ana manja a anzake ngakhale iye atatuluka kale m'sewero.

3. Akakuyesani wamantha, yambani kutola

Akuluakulu anati galu wamkota sakandira pachabe, ndipo ndi mmene tebulo limamuonera munthu amene wakhala phee kwa nthawi yaitali kenako n'kukweza. Aliyense amati wagwira chinachake. Imeneyi ndi nthawi ya chimene osewera amachitcha bluff, kubetcha mwamphamvu ndi makhadi opanda pake kuti mnzako ataye abwino.

Dan Harrington, amene anapambana mpikisano waukulu wa World Series of Poker ku Las Vegas mu 1995, ankadziwika ndi kusewera mosamala kwambiri, moti dzina lake loti Action Dan linali lomuseka. Pa tebulo lomaliza la 2004, Josh Arieh anakweza, Greg Raymer n'kutsatira, Harrington n'kukwezanso pamwamba pawo ndi 6 ndi 2 basi. Onse anataya makhadi. Sanaope makhadiwo, poti sanawaone. Anaopa zaka zonse zimene ankamudziwa kuti salowa pachabe.

Masamu ake ndi osavuta. Ngati pakati pali K20,000 ndipo inu mwabetcha K10,000, mukufunika kuti mnzanu athawe kamodzi pa katatu kuti musaluze pakapita nthawi. Mukabetcha K20,000 yonse, ayenera kuthawa theka la maulendo. Mbiri ya umantha imakweza mwayi woti athawe, n'chifukwa chake ndi ndalama. Koma sankhani malo: mukhale womaliza kulankhula, mdani akhale mmodzi kapena awiri, ndipo nkhani imene mabetcha anu akunena kuyambira pa flop (makhadi atatu oyamba oikidwa pakati pa tebulo) mpaka pa river (khadi lachisanu, lomaliza) ikhale yomveka. Musatole kawirikawiri. Mukachita katatu m'mphindi 20, wachete uja wayamba kale kukuwerengani mwatsopano.

Mlendo pa tebulo nayenso ali ndi mwayi womwewu, chifukwa akatswiri sakhulupirira kuti wophunzira angayerekeze kuwanamiza pa ndalama zambiri. Mu 2003 Chris Moneymaker, wowerengera ndalama wa ku Tennessee amene analowa mpikisanowu kudzera pa intaneti, anaponya zonse pa river ali ndi K ndi 7 zosagwirizana ndi chilichonse, ndipo katswiri Sam Farha anataya ma 9 awiri amene akanapambana. Moneymaker anapambana mpikisanowo n'kutenga madola 2.5 miliyoni.

4. Akakugwirani mukunama, lekani kunama

Mwaponya bluff, wina watsatira, tebulo lonse laona 7 ndi 4 wanu ndipo lagwa ndi phwete. Musachite manyazi, mwagula chinthu. Kwa ola likubweralo palibe amene akhulupirire kubetcha kwanu, ndiye bluff ikani pambali. Mukagwira makhadi abwino, betchani kwambiri kuposa mmene mumachitira. Pomwe mukanaika theka la ndalama zapakati, ikani zonse. Mudzamva wina akuti, "Achimwene, mwayambanso zija eti?" uku akukankha ndalama zake. Mungomwetulira.

5. Samalani ndi makhadi amene mukuonetsa

Onse akataya, simukakamizidwa kuonetsa chimene munali nacho. Nthawi zambiri musaonetse. Ine ndimaona kuti ambiri amene amatembenuza bluff yawo sachita n'cholinga, amangofuna kuwomberedwa m'manja, ndipo kutamandidwako amadzakulipirira mtsogolo. Onetsani pokhapokha mutadziwa chimene mukufuna anthu akhulupirire: makhadi amphamvu ngati mukukonza zotola pambuyo pake, bluff ngati mwaganiza zosewera mosamala usiku wonse. Kumbukiraninso kuti pa matebulo ambiri, ukaonetsa mmodzi ndiye kuti aliyense ali ndi ufulu woona.

Mawu nawonso ndi makhadi. Kufotokoza chifukwa chimene mwatayira, kapena kudandaula kuti "ndinali ndi K", ndi kuphunzitsa anzanu kwaulere.

6. Mukaluza ndalama zambiri nthawi imodzi

Tebulo limayembekeza kuti mwapsa mtima ndipo muyamba kuthamangitsa zimene zapita. Makhadi abwino akabwera nthawi yomweyo, asewereni mwaphokoso, adzakutsatirani poganiza kuti ndi mkwiyo. Koma ngati mtima wapsadi, manja akunjenjemera, imeneyo si mbiri ayi. Dzukani, kapumeni kunja, kapena pitani kunyumba.

7. Mbiri imene imakutsatirani kunja kwa tebulo

Iyi imakhalitsa kuposa zonse zapamwambazi, ndipo mumzinda momwe wa ku Area 47 amadziwana ndi wa ku Area 25 kudzera kwa mlamu wake, imayenda msanga. Bwerani ndi ndalama imene mwakonzeka kuitaya, osati ya lendi kapena ya fizi, ndipo ikatha mwatha. Munthu wa "ndikutumizirani pa Airtel Money mawa" anzake amayamba kumuzemba, ndipo pa tebulo amamuwerenga mosavuta: wosewera ndi ngongole amaopa kuluza, choncho amamukankha mpaka ataye. Masewerowa ndi a anthu a zaka 18 kupita mtsogolo, ndipo malo ochitira juga amayenera kukhala ndi chilolezo cha Malawi Gaming and Lotteries Authority, ndiye funsani musanakhale pansi.

Musanyoze wosewera mofooka akapambana mwamwayi. Mukamulalatira, mwina akwiya n'kusiya kubwera, mwina aphunzira, ndipo zonse ziwiri mwaluza ndinu. Muuzeni kuti "mwasewera bwino, bwana," sewero lipitirire. Mukadziwa kuti mwapambana pa mapeto, tembenuzani makhadi nthawi yomweyo. Kuchedwetsa dala kuti mnzanu ayambe wasangalala ndi chipongwe chimene osewera sakhululuka msanga. Wogawa makhadi akalakwitsa, muuzeni mwaulemu, ndipo mkangano ukabuka musiyireni woyang'anira malowo agamule.