Mmene ndinafikitsira wifi kuzipinda zakumbuyo ndi rauta yachiwiri

Nyumbayi ili ku Ulongué, ndi ya njerwa zootcha. Rauta ili pabalaza, koma ukangodutsa makoma awiri foni imatsala ndi kamzere kamodzi, WhatsApp n'kuima.

Repeater, kachipangizo kolandira wifi n'kuitumizanso patsogolo, sinathandize. Imalandira ndi kutumiza pa tchanelo chimodzimodzi, choncho liwiro limatsika ndi theka. Kukweza rauta kudenga ndiye ayi, pansi pa malata mu Okutobala imatentha mpaka kuzima yokha.

Zomwe zinagwira ntchito ndi chingwe cha netiweki cha Cat6 cha mamita 30, mapulagi ake awiri a RJ45 ndi rauta yakale. Chingwe chotere chimafika mamita 100 popanda vuto. Chikadutsa panja muchilowetse m'paipi, dzuwa limachiwononga.

Musanalumikize marauta awiriwa, lowani mu yachiwiri payokha ndi laputopu. Ngati IP (nambala yodziwira chipangizo pa netiweki) ya yoyamba ndi 192.168.1.1, iyi muipatse 192.168.1.2, bola yoyambayo isamagawe nambala imeneyi. Kenako pa yachiwiriyi zimitsani DHCP, gawo la rauta logawa ma IP kwa mafoni ndi makompyuta. Nkhani yonse yagona pamenepa. Mukaisiya yoyaka, marauta onse awiri amagawa ma IP, ndipo foni yolandira kwa yachiwiri imatumizidwa kunjira yopanda intaneti. Imaonetsa kuti yalumikizidwa, koma palibe chotseguka. Chingwe chochokera ku rauta yoyamba chilowe pa bowo la yachiwiri lolembedwa LAN, osati lolembedwa WAN.

Dzina la wifi ndi pasiwedi zikhale zofanana, koma matchanelo a 2.4 GHz asiyane, 1 pabalaza, 6 kapena 11 kumbuyo. Mafoni ena ankakakamirabe rauta yakutali mpaka nditachepetsa mphamvu ya wifi ya yoyamba kufika pa medium (pakatikati).