Musanagule jeti ina, mverani injini ndipo onani pulagi

Injini zing'onozing'ono za 66cc zomangirira pa njinga yakapalasa nthawi zambiri zimabwera zikumwa petulo wochulukitsa poyerekeza ndi mpweya womwe zikukoka. Mukaipatsa moto wonse n'kumamva ikubwebweta, liwiro osakwera, utsi uli tolotolo kumbuyo, ndiye kuti jeti yaikulu, kachitsulo ka mu kabuleta kokhala ndi kabowo kodutsira petulo, yakulitsa. Tsikirani ku jeti ya kabowo kocheperako pang'onopang'ono, monga kuchoka pa nambala 70 kupita pa 68.

Koma yambani mwatsuka sefa ya mpweya, ndipo onetsetsani kuti polumikizira kabuleta ndi injini sipakuba mpweya. Pakakhala kampata pamenepo, mudzangotaya nthawi ndi majeti.

Injini ikatentha bwino, thamangani ndi moto wonse, gwirani kilachi n'kuzimitsa pomwepo, kenako masulani pulagi. Ikakhala yofiirira, zili bwino. Yakuda ndi mwaye, petulo wachuluka. Yoyera mbee ndiyo yoopsa. Injini zimenezi zimalandira oyilo wosakaniza mu petulo, choncho petulo akachepa oyilo nayenso wachepa, injini imatenthetsa mpaka pisitoni kugwira. Ine ndimati bola ichulukire petulo pang'ono kusiyana n'kuperewera.

Ngati vuto limabwera moto uli pakatikati, jeti yaikulu isiyeni, nkhani ili pa singano ya mu kabuleta, kachitsulo kosongoka kamene kamatsegula njira ya petulo kakakwera. Kutsitsa kakilipi kogwira singanoyo kumaikweza, petulo n'kuchuluka, kukakweza kumamuchepetsa.

Sinthani chinthu chimodzi, yesani, kenako china. Kumalo okwera kwambiri mpweya umapepuka, ndiye kumafunika jeti yocheperako.