Momwe mungapulumutsire mabuku akale a pakoleji ndi kuwaonetsa kwa anthu

Mulaibulale ya koleji yomwe ndinaphunzirako kuno kum'mawa kwa Zambia muli kabati yomwe inakhala zaka osatsegulidwa. Mabuku ena m'menemo ali ndi chidindo cha Fort Jameson, dzina la Chipata pa nthawi ya atsamunda. Ena ndi a mamishoni omwe anayambira ku Magwero mu 1899, ndipo mulinso kope lakale la Buku Lopatulika, Baibulo lija linatuluka koyamba mu 1922. Ife ophunzira akale tinasonkherana pa gulu la WhatsApp kuti tiwapulumutse, ndipo mmene tinachitira ndi umu.

Yambani mvula itatha, cha mu Meyi kapena Juni. Nthawi ya dzinja mpweya umakhala wachinyezi, mungogwira ntchito yolimira chuku. Chilolezo cha akuluakulu a koleji ndi woyang'anira laibulale ndiye mukudziwa kale.

Tulutsani mabuku onse, lembani dzina ndi chaka cha lililonse m'kope, kenako muwapatule patatu: abwino, ong'ambika, ndi odyedwa ndi tizilombo. Fumbi muchotse ndi bulashi yofewa yopentera, kuchokera kumsana kwa buku kupita kunja, mutavala chotseka pamphuno. Nsanza yonyowa ayi. Mashelefu muwasunthe asagunde khoma, ndipo buku lisakhale pansi, chifukwa chiswe chimakwera ndi khoma mwakachetechete, mumadzaona chikuto chili bwinobwino mkati muli dothi lokhalokha.

Tsopano mabuku odyedwa aja. Apa mundimvetsere bwino, chifukwa ndi pomwe ndinalakwitsa ndipo mpaka lero zimandiwawa. Mankhwala opopera mphemvu musawayandikize, amasiya mabanga ndi fungo. Njira yake ndi kuzizira. Buku louma bwino mulikulunge m'pepala loyera, muliike m'thumba la pulasitiki lolimba, mufinye mpweya wonse, mumate, muliikenso m'thumba lachiwiri. Likhale sabata yathunthu mufuliji ya nyama ija, yomwe imaumitsa madzi kukhala ayisi. Tizilombo timafa pamodzi ndi mazira ake.

Ine zonsezi ndinachita. Koma tsiku lotulutsa, chifukwa cha chidwi, ndinamasula matumba pomwepo kuti ndione. Buku lozizira likakumana ndi mpweya wofunda limachita thukuta, monga mmene botolo la chakumwa chozizira limachitira patebulo. Sindinazione. Ndinabweza mabuku asanu ndi limodzi m'kabati, ndipo patatha sabata ziwiri anali atamera chuku chotuwa, masamba atamatana. Anayi tinawaombola powayanika pamthunzi, tikupatula tsamba limodzilimodzi ndi kuyikamo mapepala oyamwa madzi. Awiri anatheratu, limodzi linali kaundula wolemba pamanja wa ophunzira oyambirira, inki yake inasungunuka. Maina a makolo a anthu anapita m'manja mwanga.

Ndiye chonde, mukatulutsa mufuliji, thumba lisatsegulidwe. Lisiyeni patebulo tsiku lonse ndi usiku womwe, thukutalo lichitikire kunja kwa pulasitiki. Chinanso, magetsi athu othimathimawa: fuliji ikazima pakati pa sabata, yambaninso kuwerenga masiku. Ife tinapempha kwa mnzathu wa butchala yemwe ali ndi jenereta, anangotilipiritsa ya mafuta.

Pa zong'ambika, selotepu ndiye mdani. Imasanduka yachikasu, guluu wake n'kulowa m'pepala osachokanso. Enanso m'tauni muno adzakuuzani kuti bweretsani tichite lamineti zikhalitse. Kanani. Pepala likalowa m'pulasitiki wotenthayo silitulukanso. Wina anatigulitsa makatoni osungiramo mabuku okwera mtengo akuti alibe asidi, tikuona ndi makatoni wamba a m'sitolo. Funsani a National Archives of Zambia, osunga zolemba zakale za dziko, ku Lusaka akulozereni koyenera. Pomwe mukudikira, kulungani buku m'pepala loyera ndi kumanga ndi kansalu ka thonje koduladula. Nsalu yoyera ya pamsika wa Kapata, yochapa bwino, mita imodzi imamanga mabuku ambiri ndithu.

Jambulani masamba ofunika ndi foni, opanda fulashi, musunge malo awiri.

Chionetsero ndi chosavuta. Sankhani mabuku khumi kapena kucheperapo, muwaike m'kabati yagalasi kutali ndi windo, chifukwa dzuwa limafufutsa inki. Musakanule buku mpaka kugona, muliikire kapilo mbali zonse, ndipo muzitembenuza tsamba pakapita masiku. Mawu ofotokozera mulembe m'Chinyanja ndi m'Chingerezi. Ofuna kugwira muwapatse zojambula zija. Ife tinachita tsiku lomaliza maphunziro, makolo ali ambiri, ndipo pakhomo tinayika pepala loti aliyense asankhe buku limodzi alilipirire katoni yake. Ndalamazo tinakonzeranso denga lomwe linkadontha pamwamba pa kabati.