Kukonza sports car pa galaja ya pakhomo: yambirani pansi, injini ikhale yomaliza

Munthu akangogula sports car, mtima umathamangira ku injini. Amafuna turbo (chopopera mpweya wochuluka mu injini), amafuna ekizozi yolira mpaka odutsa atembenuke. Ine ndimakana dongosolo limenelo. Galimoto imagwira msewu pa malo anayi okha, pamene matayala aponda, ndipo malo aliwonse ndi aakulu ngati chikhatho chanu basi. Mphamvu zonse zimene mungawonjezere zidzadutsa pomwepo, pothamanga, pokhota ndi poima. Ndiye ntchito iyambire pansi, izikwera pang'onopang'ono.

Galimoto imene ndimasewera nayo ndi Mazda MX-5 ya m'badwo woyamba, ija amaitcha NA, ya nyali zotukuka. Inatuluka mu 1989 ndi injini ya malita 1.6, mphamvu pafupifupi 115 horsepower, kulemera kwake kosafika tani imodzi, ndipo imakankha ndi matayala akumbuyo. Pofika 2016 Mazda inali itapanga ma MX-5 okwana 1 miliyoni, choncho zipangizo zake sizisowa. Zambiri zimene ndinene pano zigwiranso ntchito pa Toyota 86, Subaru BRZ, Nissan 350Z kapena Honda S2000, kungoti manambala muziwatenga m'buku la galimoto yanuyo.

Musanamasule bawuti ngakhale imodzi, konzani pogwirira ntchito. Jeke ntchito yake ndi kunyamula, si yogonapo pansi ayi. Gulani ma jack stand (miyendo yachitsulo yokhazikapo galimoto) anayi olimba, muwaike pa simenti yosalala, mutchinge matayala otsala pansi, kenako muigwedeze galimotoyo ndi manja awiri musanalowetse mutu. Ikagwedera, tsitsani muyambirenso. Injini ikamalira chitseko cha galaja chikhale chotsegula, chifukwa mpweya wa carbon monoxide ulibe fungo ndipo umapha munthu asanazindikire. Pogwira za magetsi chotsani kaye waya wa negative pa batire, limene pa NA lili m'buti, kumbuyo. Chozimitsira moto chikhale pamalo ofikirika ndi dzanja.

Zida sizifunika zambiri. Galimoto za ku Japan zimakonda masipanala ndi masoketi a 8, 10, 12, 14, 17, 19 ndi 21 mm. Onjezani chitsulo chachitali chomasulira mabawuti ouma, mafuta opopera pa dzimbiri, ndi torque wrench, sipanala yopima mphamvu imene mwamangira bawuti. Iyiyi musaumire nayo ndalama, chifukwa kumanga mongoyerekeza ndi mkono n'kumene kumathyola mabawuti kapena kuwasiya olendewera. Ine chilichonse ndimachijambula pa foni ndisanachimasule, mabawuti ake n'kuwaika m'kathumba kolembedwa kumene achokera.

Gawo loyamba silosangalatsa, koma ndilo lenilenilo: bwezerani galimoto mmene inalili ikutuluka ku fakitale. Fufuzani dzimbiri. Pa MX-5 limakonda m'munsi mwa zitseko, makamaka chakutsogolo kwa matayala akumbuyo, chifukwa timipaipi totayira madzi a denga tikatsekeka madziwo amakhazikika mkati n'kumadya chitsulo kuchokera kuseri. Gogodani ndi screwdriver. Chitsulo chabwino chimalira ngwe ngwe, chowola chimangoti phu phu, mwina screwdriver n'kulowa kumene. Malo otere amafuna kudula ndi kuwotcherera, osati kumata n'kupenta. Mukatero pimani compression, mphamvu yopanikiza mpweya, ya masilinda onse anayi. Asasiyane kuposa 10 peresenti. Sinthani timing belt ngati simukudziwa kuti inasinthidwa liti, pamodzi ndi water pump, poti njira yofikira ndi imodzi. Yang'ananinso pamwamba pa radiyeta: pulasitiki yake ikasiya kuda n'kuyamba kufiirira, yaphika, yatsala pang'ono kung'aluka. Oyilo wa injini, wa giyabokosi ndi wa diff (magiya ogawira mphamvu ku matayala akumbuyo), zonse zatsopano.

Tsopano matayala. M'mbali mwa tayala muli manambala anayi osonyeza sabata ndi chaka chimene linapangidwa: 2319 ndiye kuti sabata ya 23, chaka cha 2019. Tayala likapitirira zaka 6 labala yake imakhala itayamba kuuma, ngakhale mapanda ataoneka bwino. NA ya 1.6 inkabwera ndi marimu a mainchesi 14 ndi matayala a 185/60R14, mabowo a manati anayi (4x100). Ine ndimakonda marimu opepuka a 15x7 ndi matayala a 195/50R15. Ambiri amakopeka ndi a 17 chifukwa amadzaza bwino pakhonde la tayala, koma pa galimoto yaing'ono chonchi amalemera, shoko imavutika kuwagwira pa mabampu, ndipo galimoto imachedwa kunyamuka. Rimu musanailipire, ikwezeni ndi dzanja, ndipo onani offset yake, mmene imalowera mkati kapena kutulukira kunja, kuti tayala lisamakhule bodi pokhota. Manati mumange modumphadumpha, osati motsatizana, pa 100 Nm kapena monga buku likunenera, ndipo muwabwerezenso mukayendako pang'ono.

Mabuleki ambiri a fakitale ndi okwanira kale pa mphamvu za fakitale. Chimene chimawafooketsa ndi mapadi otchipa ndi brake fluid wakale. Fluid amayamwa chinyezi m'kupita kwa nthawi. Fluid wa mtundu wa DOT 4 watsopano sawira mpaka atafika madigiri 230 Celsius, koma akayamwa madzi malirewo amatsikira cha pa 155, ndipo akawira phazi limangolowa mpaka pansi galimoto ikupitabe. Muzimusintha zaka ziwiri zilizonse. DOT 3, 4 ndi 5.1 amatha kusakanizika, koma DOT 5 ndi wa silicone, asayandikireko. Potulutsa mpweya m'mapaipi a mabuleki pezani mnzanu wopondera buleki, musalole kabotolo ka fluid ka pamwamba kuuma, ndipo fluid akadonthera pa penti tsukani msanga ndi madzi.

Pali kanthu kamodzi pa ma caliper (zopanikizira mapadi pa disiki) akumbuyo a NA kamene kawonongetsa ambiri. Pisitoni yake simaikankha ndi kalampu monga kutsogolo. Kuseri kuli kabawuti ka 14 mm. Mukakachotsa mupeza kasikuluwu kolowa Allen key ya 4 mm. Kameneko ndiko kamabweza pisitoni, ndipo mano ake ndi ofewa, ndiye zungulizani modekha. Mukaika mapadi atsopano, kazungulizeni mpaka padi ikhudze disiki, kenako bwezani pang'ono kuti tayala lizizungulira momasuka. Mapadi atsopanowo amafuna kuwazoloweza: pa msewu wopanda anthu, thamangani ndi kuponda buleki mwamphamvu kangapo popanda kuimiratu, kenako yendani osaponda mpaka azizire.

Suspension ndiyo imandisangalatsa koposa, ndipo m'pamene galimoto imasinthadi khalidwe. MX-5 ili ndi double wishbone (mikono iwiri, wapamwamba ndi wapansi, yogwira tayala lililonse) kutsogolo ndi kumbuyo komwe, ndipo camber (kupendekeka kwa tayala mukaliona chakutsogolo) ndi toe (kuloza mkati kapena kunja kwa tayala) zimasinthika mbali zonse, caster (kupendekeka kwa mzere umene tayala limakhotera) kutsogolo. Musanachotse chilichonse, pimani kuchokera pakati pa rimu kufika pamlomo wa madigadi pa matayala onse anayi, mulembe. Mabawuti a alignment muwaike chizindikiro ndi penti kuti muwabwezere pafupi ndi pamene anali. Kaya musankha mashoko abwino ndi masipuling'i ake, kaya ma coilover (shoko ndi sipuling'i pamodzi, zotheka kukweza ndi kutsitsa), musatsitse galimoto mopitirira. Mamilimita 25 mpaka 30 akwana. Mukapitirira apo shoko imasowa poyenda, galimoto imakhalira pa ma bump stop (timalabala toimitsa shoko ikafika pothera), ndipo pa kona ya mabampu imadumpha m'malo mogwira. Sipuling'i yopanikizidwa ili ndi mphamvu yothyola nsagwada, choncho gwiritsani spring compressor yabwino, nkhope yanu isakhale kutsogolo kwake.

Apa mvetserani bwino. Mabawuti onse odutsa m'mabushi a labala musawamange kotheratu galimoto ili m'mwamba, matayala akulendewera. Bushi ya labala sizungulira pa bawuti. Kachitsulo ka mkati kamagwidwa nji, ndipo labalayo ndi imene imapotoka mkono ukamakwera ndi kutsika. Mukamanga mkono uli cholendewera, potsitsa galimoto labala imakhala yopotoka kale isanayende n'komwe. Zotsatira zake galimoto imaima mokwera kuposa mmene munafunira, imauma, ndipo mabushi atsopano amang'ambika msanga. Mangani pang'ono chabe, tsitsani galimoto iponde pa ma ramp, kapena ikani jeke pansi pa mkono mpaka kulemera kwa galimoto kukhalire pamenepo, ndiyeno malizani ndi torque wrench.

Alignment yokha kaichititseni kwa amene ali ndi makina. Pa galimoto yoyenda mumsewu ndimapempha camber ya pakati pa -1 ndi -1.5 digiri, toe ya ziro kutsogolo, ndi toe-in yochepa kumbuyo kuti matako asamavine. Za ma sway bar, zitsulo zochepetsa kupendekeka kwa galimoto pokhota, zibwere mutayendetsa kaye. Yolimba kutsogolo imachititsa galimoto kukana kukhota, yolimba kumbuyo imachititsa kumbuyo kutaya. Muzisintha chinthu chimodzi pa nthawi, n'kukayesa pa msewu womwewo umene mumaudziwa, mpweya wa m'matayala uli chimodzimodzi. Mukasintha zitatu tsiku limodzi galimoto n'kuipa, simudziwa choti mubweze.

Mukafika pa injini, dziwani kuti air filter yotseguka ndi ekizozi yaikulu pa 1.6 zimakupatsani phokoso, koma mphamvu zimene zimawonjezera ndi zochepa kwambiri. Phokoso labwino ndimalikonda nanenso, bola catalytic converter, chosefa utsi, ikhalepo. Mphamvu zenizeni zimabwera ndi turbo kapena supercharger, ndipo zimenezi sizibwera zokha. Zimafuna intercooler yoziziritsa mpweya, ma injector aakulu opopera petulo, ECU (kompyuta ya injini) yotheka kuitchuna, kilachi yolimba, radiyeta yabwino, ndi geji ya wideband yoonetsa kusakanizika kwa mpweya ndi petulo. Poyenda wamba injini imafuna magawo 14.7 a mpweya pa gawo limodzi la petulo, koma turbo ikamapopa imafuna petulo wochulukirapo, cha pa 11.5 mpaka 12. Petulo akachepa kapena moto ukafulumira kuyaka, injini imagogoda mkati ndipo pisitoni imasweka. Kutchuna kumeneku kuchitikire pa dyno, makina opimira mphamvu za galimoto, kwa katswiri. Diff ya 1.6 nayonso ndi yaing'ono, sipirira turbo. Ambiri amaika ya 1.8, makamaka ya mtundu wa Torsen, pamodzi ndi ma shaft ake.

Ngati mukufuna kukayendetsa pa bwalo la mpikisano, galimoto yopanda denga lolimba imafuna roll bar, chitsulo chokutetezani ikagubuduka, yomangidwa ku chitsulo cha bodi, yokutidwa ndi zofewetsa pamene mutu ungagunde, ndipo yotalika kuposa chipewa chanu cholimba (helmet). Malamba a harness, a mpikisano ogwira mapewa onse awiri, musaike popanda roll bar, chifukwa amakugwirani chilili galimoto ikagubuduka. Malamulo a phokoso, utsi ndi kusintha galimoto amasiyana dziko ndi dziko, ndiye werengani a kwanu musanagule chipangizo, ndipo a inshulansi muwauze chilichonse chimene mwasintha, mwa kalata. Zipangizo za fakitale zimene mwachotsa musataye: zitsukeni, zilembeni, muzisunge pouma, popeza wodzagula galimotoyo kapena woipima akhoza kudzazifuna.